Loya akabwerera kusukulu, wopindula akhale inu

Anzanga ophunzira kuwerenga ndi kulemba, mwina munamvapo kuti loya wina wayambanso sukulu. Mwina munadabwa. Munthu amene anamaliza kale yunivesite, ndipo akuimira anthu kukhoti, akukafunanso chiyani m'kalasi?

Kuti munthu akhale loya, amene pa Chipwitikizi timati advogado, amayamba wapeza digiri yotchedwa licenciatura. Kenako amaphunzira ntchito kwa loya wamkulu mpaka bungwe la Ordem dos Advogados de Moçambique limuvomereze. Maphunziro owonjezera otchedwa mestrado amatenga pafupifupi zaka 2, m'mayunivesite monga Eduardo Mondlane ku Maputo. Kumeneko loya amasankha gawo limodzi la malamulo, n'kuliphunzira mozama ndi kufufuza mmene likugwirira ntchito pakati pa anthu.

Chifukwa choyamba chobwerera kusukulu n'chakuti malamulo amasintha. Mu 2019 dziko lathu linakhazikitsa lamulo loletsa kukwatitsa ana osakwana zaka 18. Mu 2023 kunabwera lamulo latsopano la ntchito. Loya amene akudalira zimene anaphunzira kalekale angakupatseni malangizo otha ntchito, mlandu n'kukuipirani.

Chifukwa chachiwiri chikutikhudza kwambiri kuno ku Niassa: nkhani ya malo. Lamulo la malo la 1997 limati nthaka yonse ndi ya boma ndipo sigulitsidwa, koma nzika zili ndi ufulu woigwiritsa ntchito, wotchedwa DUAT. Ngati munda munaulandira mwa mwambo wa makolo, kapena mwaulima mokhulupirika kwa zaka zosachepera 10, ufuluwo ndi wanu ngakhale mulibe pepala. Umboni wa pakamwa wa amuna ndi akazi a m'mudzi mwanu umavomerezeka. Komanso kampani isanapatsidwe malo, anthu a m'deralo ayenera kufunsidwa kaye.

Makampani odzala paini ndi bulugamu atafika kuzungulira Lichinga, m'midzi ina munabuka mikangano ya minda. Pa nkhani zotere kampani imabwera ndi maloya odziwa bwino mapangano. Nanga mlimi wa chimanga ndi nyemba amuimira ndani? Akufunika loya wodziwa lamulo la malo mpaka kumizu, wodziwanso mmene a Chiyao, a Chinyanja ndi a Chimakua amasiyirana minda kudzera kuchikazi. Mestrado weniweni ayenera kutipatsa loya wotere.

Choncho tikunena poyera: digiri yachiwiri isangokhala yokongoletsa khoma kapena yokwezera mtengo wa ntchito. Tikupempha mayunivesite kuti kafukufuku wawo afike ku Sanga, ku Lago ndi ku Cuamba. Maloya amene aphunzira abwerere kuno, ndipo azitha kufotokozera gogo lamulo m'chinenero chake.

Inunso muli ndi gawo lanu. Ngati mulibe ndalama zolipira loya, pitani ku ofesi ya IPAJ, bungwe la boma limene limathandiza osauka kwaulere pa milandu. Musasainire kapena kudinda chala pa pepala limene simunalimvetse. Funsani kuti, "Lamulo ili ndi la chaka chiti? Likuti chiyani za ine?" Loya wophunzira bwino sakwiya ndi mafunso otere.

Loya wabwerera m'kalasi ali wamkulu, monga mwachitira inu. Iye alimbikire malamulo, inu mulimbikire kuwerenga, kuti pa tsiku la mlandu munda wa ana anu usapite.