Maola Ochepa ku Shanghai: Kutsata Mbendera ya Gulu Kapena Kuyenda Wekha?

Sitima zikuluzikulu zonyamula alendo zikafika ku Shanghai sizikocheza pakati pa mzinda. Zimaima padoko la Wusongkou, m'dera la Baoshan, pamene mtsinje wa Huangpu umathira mu Yangtze, makilomita oposa 20 kumpoto kwa malo amene mlendo amafuna kuona. Sitima zocheperapo zokha ndi zimene zimadutsa pansi pa mlatho wa Yangpu n'kukakocheza ku North Bund, pafupi ndi pakati pa mzinda. Choncho wouzidwa kuti ali ndi tsiku lathunthu ku Shanghai ayambe wachotsera kaye: mzere wodinditsa pasipoti, ulendo wa ola limodzi popita, lina pobwerera, komanso lamulo loti aliyense akhale atakwera nthawi yonyamuka isanakwane. Otsala ndi maola owerengeka, mwina asanu kapena asanu ndi limodzi, mumzinda wa anthu pafupifupi 25 miliyoni, kuposa Amalawi tonse.

Mpamene apaulendo amagawanika. Ena amalipira ulendo wokonzedwa ndi kampani ya sitima n'kumatsata kambendera ka wotsogolera. Ena amati ndalama imeneyo njotaya, bola kuyenda okha. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, ndipo mfundozo sizilemera mofanana kwa munthu aliyense.

Mfundo yoyamba ya okonda gulu ndi ya viza, ndipo kwa ife a ziphaso za kuno ku Africa njaikulu. Mu December 2024 dziko la China linalola nzika za mayiko 54 kukhala m'dzikomo maola 240 popanda viza ngati zikungodutsa kupita dziko lina, koma pamndandandawo panalibe dziko la mu Africa ndi limodzi lomwe. Khomo lina ndi la magulu. Kuyambira mu 2016 ku Shanghai, ndipo kuyambira mu May 2024 m'madoko onse a sitima za alendo m'dzikomo, gulu la anthu awiri kapena kuposerapo, lolandiridwa ndi kampani ya zokopa alendo ya ku China, likhoza kulowa popanda viza kwa masiku osapitirira 15, malinga lipitirize ulendo pa sitima yomweyo. Tanthauzo lake ndi loti Mmalawi kapena Mzambia amene sanatengeretu viza asananyamuke, nkhani ya kuyenda yekha ayiiwale. Gulu ndiye njira yake yotsikira pamtunda.

Mfundo yachiwiri ndi ya nthawi. Basi ya gulu ikachedwa chifukwa cha kuthithikana kwa magalimoto, sitima imadikira, pakuti ulendowo ngwa kampani yomweyo. Wodziyendera akachedwa amapeza doko lili mbee, ndipo adzilipirire yekha ndege yokakumana ndi sitimayo ku Japan kapena ku South Korea, katundu wake ali m'chipinda cha m'sitima. Yachitatu ndi ya chinenero ndi foni. Oyendetsa takisi ambiri salankhula Chingerezi. Google Maps, WhatsApp ndi Facebook sizigwira ntchito pa intaneti ya m'dzikomo, ndipo pafupifupi chilichonse, ngakhale botolo la madzi, anthu amalipira ndi foni kudzera pa Alipay kapena WeChat Pay. Kwa nkhalamba, kwa banja la ana aang'ono, kapena kwa munthu wovutika kuyenda, wotsogolera wodziwa khomo lolowera ndi pamene pali chimbudzi si chinthu chochepa.

Komabe odandaula ndi maulendo a gulu sanama. Ulendo wotere umayenda pa liwiro la munthu wochedwetsetsa m'basimo. Ambiri mwa maulendowa amaphatikiza kuima pa sitolo ya nsalu za silika, ya ngale kapena ya tiyi, kumene ola lathunthu limatha anthu akuonetsedwa mabulangete amene sanabwerere. Ku munda wa Yu, umene Pan Yunduan anayamba kukonza mu 1559 kuti bambo ake azipumulamo atakalamba, magulu amafika nthawi imodzi. Mundawo anaukonza kuti munthu aziyenda pang'onopang'ono, akakhota pakhoma apeze dziwe la nsomba zofiira, akadutsa pakhomo lozungulira aone miyala yosanjidwa ngati phiri. Koma mukakhala anthu makumi anayi kumbuyo kwa mbendera, ndipo kutsogolo kuli gulu lina, chimene mumaona kwambiri ndi misana ya anzanu ndi mafoni okwezedwa m'mwamba.

Woyenda yekha ali ndi mwayi umene mizinda yambiri ilibe. Sitima zapansi panthaka za ku Shanghai, zimene zinayamba kuyenda mu 1993, tsopano zili ndi njanji zoposa makilomita 800, zikwangwani zake zili m'Chitchaina ndi m'Chingerezi, ndipo mtengo wake ndi ma yuan ochepa chabe. Siteshoni ya Baoyang Road, pa njanji nambala 3, ili kufupi ndi doko. Kuyambira mu 2023 Alipay ndi WeChat Pay zimalandira makhadi a mabanki akunja, moti amene wakonzeratu foni yake asanatsike savutika.

Ndipo pali zinthu zimene basi singakuonetseni. Loweruka ndi Lamlungu, m'paki ya People's Park, makolo amayala maambulera pansi n'kumatapo mapepala olembapo zaka, msinkhu, maphunziro ndi malipiro a ana awo, kuwafunira banja. M'misewu ya dera limene Afalansa ankalamulira kuyambira mu 1849 mpaka 1943, mitengo imakumana pamwamba pa msewu, ndipo m'tinjira ta nyumba zakale zovala zimayanikidwa pa nsungwi zotulukira pazenera. Pakanyumba kodyera, munthu amaphunzira poonera anzake kadyedwe ka xiaolongbao, kampira ka ufa wa tirigu kokhala ndi nyama ndi msuzi m'kati: umakanyamula mosamala n'kukaika pa supuni, kuluma pang'ono pambali, kumwa msuziwo, kenako kukaviika mu viniga wothira jinja. Wopupuluma n'kuponya kathunthu m'kamwa amapsa lilime.

Ufulu umenewu uli ndi minga yake. Mumsewu wa Nanjing ndi cha ku People's Square mumapezeka achinyamata aulemu, olankhula Chingerezi chabwino, amene amayamba ndi kupempha kuti muwajambule, kenako n'kukuitanirani kokamwa tiyi wachikhalidwe. Mapeto ake ndi bilu yoopsa. Chinyengo chimenechi n'chodziwika kwa zaka zambiri, koma chimagwirabe anthu chifukwa mlendo wa tsiku limodzi amakhala ndi njala yocheza ndi eni mzinda. Vuto lina ndi kuyerekeza molakwika mtunda. Pa mapu malo amaoneka oyandikana, koma kusintha njanji m'siteshoni yaikulu kumadya nthawi, ndipo madzulo anthu akamaweruka msewu wopita ku Baoshan umadzaza.

Ine ndimaona kuti mkangano wa gulu ndi kuyenda wekha umaphimba nkhani yeniyeni, imene ndi dyera lofuna kuona zonse. Akuluakulu anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ena amafuna kuti m'maola omwewo akwere sitima ya maglev, yoyandama pa maginito, imene imapita ku bwalo la ndege la Pudong, akaone ngalande za tauni yakale ya Zhujiajiao, mwinanso akafike ku minda ya ku Suzhou. Malo onsewa ndi okongola, koma tsiku limathera pa mpando wa galimoto. Kaya muli ndi wotsogolera kaya muli nokha, zotsatira zake n'zimodzimodzi.

Shanghai ili ndi malo amodzi pamene mbiri yake imaoneka yonse munthu ataimirira. Pa Bund, m'mbali mwa Huangpu, kumbuyo kwanu kuli nyumba za miyala zimene azungu anamanga mzindawu utakakamizidwa kutsegula doko lake ndi pangano la Nanking la mu 1842: nyumba ya banki ya HSBC ya mu 1923, nyumba ya kasitomu ya mu 1927 ndi wotchi yake yaikulu, ndi Peace Hotel ya mu 1929. Kutsidya kuli Pudong, kumene mpaka mu 1990 kunali minda, mafakitale ndi nyumba zosungiramo katundu. Lero kuli nsanja ya Oriental Pearl ya mamita 468, Jin Mao ya mu 1999, ndi Shanghai Tower ya mamita 632, yotalika kuposa nyumba zonse mu China. Boti la anthu wamba limawolotsa kuchoka ku Jinling East Road kupita ku Dongchang Road pa ma yuan awiri okha, mutapanikizana ndi anthu opita kuntchito. Amene wayenda m'mbali mwa mtsinje, wawoloka, wakwera nsanja imodzi ndi kudya chakudya chimodzi mosathamanga, waiona Shanghai kuposa amene wapondaponda malo khumi.

Pomaliza penipeni, chisankho chimatsatira zinthu ziwiri: chiphaso ndi ndandanda ya sitima. Wopanda viza apite ndi gulu, koma awerenge dongosolo la ulendowo asanalipire, asankhe wa malo awiri kapena atatu, wopanda kuima m'masitolo, ndipo ngati n'kotheka wa gulu laling'ono. Wokhala ndi viza, amene sitima yake ikunyamuka madzulo omwewo, akhoza kuyenda yekha ngati akhutira ndi Bund, munda wa Yu ndi Pudong, atalembetsa dzina la doko m'zilembo za Chitchaina papepala loonetsa wa takisi, ndipo atayamba kubwerera kutatsala maola awiri. Amene sitima yake ikugona padoko ndiye wamwayi, chifukwa nyali za mbali zonse ziwiri za mtsinje zimayaka madzulo, nthawi imene alendo a tsiku limodzi amakhala ali kale m'basi. Pogula tikiti ya ulendo wonse, ndi bwino kufunsa kaye kuti sitimayo idzakocheza pa doko liti, ndipo idzakhalapo maola angati.