Wodyetsa Nkhunda Asadyetsenso Makoswe

Acikumbi anzathu, m'Chilobwe muno, patsinde pa phiri la Soche, mabanja ambiri aweta nkhunda ndi nkhuku. Nchito imeneyi ndi yabwino, pakuti ipatsa banja ndiwo ndi ndalama. Koma dandaulo la makoswe limveka khomo ndi khomo, ndipo ife tikuti mlandu uli ndi woweta mwini.

Taonani cimene cicitika. Munthu amwaza madeya pabwalo dzuwa litapendeka. Mbalame zitola pang'ono ndi kukagona, ndipo zotsalazo adya ndi makoswe usiku, agologolo natsiriza m'mawa. Khoswe wamkazi akhala ndi bere masabata 3 okha, naswa ana 5 kufikira 10, ndipo anawo ayambanso kuswana atatha miyezi 3. Madeya akawacepera, alowa m'khola kukadya mazira ndi maunda, naboola matumba a cimanga m'nyumba. Nthata zao zifalitsa mliri woopsa uja wotupitsa mwanabere, umene unagwira anthu ku Nsanje m'caka ca 2002.

Ena athamangira kumsika kukagula tameki. Ife sitibvomereza zimenezi. Akulu anati khoswe wa pamkhate sapheka. Pamalo pamene nyumba ziri zothithikana, mankhwala otere apha nkhuku, mphaka, ngakhale mwana wokwawa, koma makoswe ena abwerabe cifukwa cakudya cikadalipo.

Njira yanzeru ndiyo kumana khoswe cakudya. Dyetsani mbalame zanu m'mawa ndi masana, m'mbale kapena m'cigubu codula, muyeso woti zimalize nthawi yomweyo. Dzuwa lisanalowe cotsani mbaleyo ndi kusesa pabwalo. Madeya sungani m'mgolo wacitsulo wokhala ndi cibvundikiro. Khola la nkhunda limangidwe pa nsanamira zazitali, kutali ndi nthambi za mitengo, ndipo nsanamira iri yonse muikulunge ndi lata losalala kuti khoswe kapena gologolo alephere kukwera. Lambulani chire ndi kukwirira zinyalala. Cherani misampha m'mbali mwa khoma, momwe makoswe apita, ndipo khoswe wakufa musamgwire ndi manja. Kadzidzi musamponye miyala, pakuti ndiye mlenje wa makoswe wosafuna malipiro.

Komatu khoswe sadziwa malire a poloti. Inu mukasesa, mnansi wanu namwazabe madeya madzulo, mwagwira nchito pacabe. Cifukwa cace kambiranani ndi anansi anu, ndipo nkhaniyi muitule kwa amfumu kuti mudzi wonse ucitire pamodzi.