Tisanagule wotchi yolondolera mwana

Kholo lililonse lomwe lidasowetsapo mwana tsiku la msika, ngakhale kwa mphindi khumi zokha, likudziwa momwe mtima umagundira. Nchifukwa chake sitikudabwa kuti ena ayamba kuitanitsa kwa abale awo ku Joni timawotchi toonetsa pafoni pomwe mwana ali. Mantha ake ngomveka, makamaka m'mabanja a ana achialubino omwe akhala akusakidwa ndi zigawenga chiyambire 2014.

Koma tisanataye ndalama, tiyeni tidziwe chomwe tikugula. Wotchi ya GPS imafuna simu khadi ya Airtel kapena TNM, bandulo ya intaneti, komanso kutchaja pafupipafupi. Bandulo ikatha, netiweki ikavuta kapena magetsi akazima masiku awiri, wotchiyo yasanduka chibangili.

Palinso kabatani kotchedwa AirTag komwe kampani ya Apple idatulutsa mu 2021. Batire lake limatha pafupifupi chaka, koma kalibe GPS. Kamadalira mafoni a iPhone a anthu odutsa pafupi kuti anene komwe kali. Ku London zimenezi zimatheka. Nanga pamsika wa Mitundu kapena Thondwe, ma iPhone alipo angati? Ndipotu eni ake adakapangira makiyi ndi zikwama, osati ana.

Chotidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi: mu 2017 dziko la Germany lidaletsa mawotchi a ana otha kumvetsera anthu mobisa, ndipo chaka chomwecho bungwe loona za ogula ku Norway lidapeza kuti m'mawotchi ena munthu wachilendo atha kulowerera n'kumaona mayendedwe onse a mwana. Chomwe mwagula kuti chimuteteze chingathe kulondolera chigawenga pomwe ali.

Ife tikuti ngati mwatsimikiza kugula, sankhani chosavuta: cha batani limodzi loimbira mayi kapena bambo, cholola manambala okhawo omwe mwaika, ndi pasiwedi yoti musinthe nokha. Chiyeseni pa netiweki yakwanuko, ndipo kambiranani kaye ndi mphunzitsi wamkulu, poti sukulu zina sizilola zoimbira m'kalasi.

Amene thumba silikulola asadzione olephera. Mwana aloweze nambala ya foni yanu ndi 116, nambala yaulere yothandizira ana. Mulembereninso nambalayo mkati mwa chikwama kapena yunifolomu. Popita kusukulu aziyenda ndi anzake, ndipo ngati mumamukweza kabaza, akhale mmodzi yemweyo amene mukudziwa dzina lake ndi komwe amakhala.