Mipando ya lendi siikopa katswiri

Mu Januwale 2023, kampani ya Twitter idagulitsa pa okushoni katundu wa mu ofesi yake ku San Francisco. Elon Musk anali ataigula mu Okutobala wa chaka chapitacho, ndipo m'masabata ochepa adachotsa pafupifupi theka la antchito. Zomwe zidatsala zinali mipando yodula yopanda woikhalira, matebulo, makina ophikira khofi, mauvuni a pitsa, ndi chiboliboli cha kambalame ka pa chizindikiro cha Twitter, chomwe wina adachigula pa madola 100,000. Katundu yenseyu adagulidwa kuti akatswiri olemba mapulogalamu a makompyuta akopeke. Anthu atapita, adasanduka chimtolo.

Nkhani ngati iyi ndi imene amalonda obwereketsa mipando ya mu ofesi amaikonda. Mfundo yawo njosavuta, ndipo mbali yake yoyamba ndikugwirizana nayo. Kampani ya zamakono imene yangoyamba kumene sidziwa kuti chaka chamawa idzakhala ndi anthu angati. Lero ali khumi ndi asanu, akapeza owathira ndalama amafika makumi asanu ndi limodzi, ndalamazo zikauma amabwerera pomwe adayambira. Komabe eni nyumba ku London kapena New York amafuna usaine mgwirizano wa zaka zisanu kapena khumi. Ndiye nanga bwanji kukwirira ndalama m'matebulo? Kuno tonse timadziwa kuti wokonza ukwati sagula mipando mazana atatu ndi tenti. Amabwereka, phwando likatha lole imabwera kudzatenga. Ku America bizinesi imeneyi njakale komanso njokhazikika, moti kampani yaikulu yobwereketsa mipando, CORT, ili m'manja mwa Berkshire Hathaway ya Warren Buffett, munthu wosataya ndalama pa zinthu zachibwana. Amene adaona makampani a pa intaneti akugwa mu 2000 ndi 2001 amakumbukira milu ya mipando ya Aeron, ya kampani ya Herman Miller, ikugulitsidwa motchipa pomwe idagulidwa pa mtengo wa madola mazanamazana umodzi.

Pa nkhani ya kusunga ndalama, palibe chotsutsa. Pomwe ndikusiyana nawo ndi pa mbali yachiwiri, yoti ofesi yosinthasintha, ya matebulo a mateyala, masofa amitundumitundu ndi makoma osuntha, ndiyo nyambo yokopera akatswiri. Zimenezi amanena ndi ogulitsa mipando ndi mabwana. Akatswiri eniake sindiwamva akutero.

Maganizo oti wantchito asakhale ndi tebulo lakelake sadayambe dzulo. Mu 1994, Jay Chiat, mwini kampani yotsatsa malonda ya Chiat/Day ku Los Angeles, adachotsa matebulo a antchito ake. Munthu akafika m'mawa ankasaina n'kutenga foni ndi kompyuta ya m'manja, kenako n'kufunafuna pokhala. Manyuzipepala adamutama kuti waona kutali. Koma zida zinali zosakwanira, anthu ankalawirira kuti akalimbirane, ena ankasunga mapepala awo m'buti ya galimoto n'kumayenda ulendo wa ku malo oimikako galimoto tsiku lonse. Patangopita zaka zochepa, matebulo adabwerera.

Makampani a makompyuta sadaphunzirepo kanthu. Mu 2015, Facebook idatsegula nyumba ku Menlo Park, yojambulidwa ndi Frank Gehry, momwe anthu pafupifupi 2,800 ankayenera kugwirira ntchito m'chipinda chimodzi chachikulu chopanda makoma. Chifukwa chomwe chimaperekedwa nthawi zonse n'choti anthu akamaonana amakambirana, ndipo nzeru zimabadwa. Mu 2018, Ethan Bernstein ndi Stephen Turban a ku Harvard adayeza zimenezi m'makampani awiri akuluakulu omwe adagumula makoma. Adapeza kuti kulankhulana pamaso ndi pamaso kudatsika ndi pafupifupi 70 peresenti, pomwe maimelo ndi mauthenga zidachuluka. Munthu ukamuika pambalambanda amadzimangira khoma lake: amavala mahedifoni, maso pa kompyuta, mnzake wa tebulo loyandikana n'kumamulembera uthenga.

Amene sadalembepo pulogalamu mwina sangamvetse chifukwa chake phokoso n'loopsa chonchi pa ntchitoyi. Wolemba pulogalamu amasunga zinthu zambiri m'mutu nthawi imodzi: nambala iyi ikuchokera kuti, ikafika apa isintha bwanji, ikalakwika chiwonongeke n'chiyani. Kuti zonsezi zikhazikike m'mutu pamatenga nthawi, ndipo wina akangomugwira paphewa kufunsa za mpira wa dzulo, zimabalalika, ayambirenso. Munthu wotere ukamuuza kuti m'mawa uliwonse azisaka pokhala, kuti sikirini yomwe adaikonza dzulo mwina lero aipeza ili ndi wina, usadabwe akayamba kuyang'ana kwina.

Nanga WeWork? Iyi ndiyo idakweza mbendera ya ofesi yosinthasintha kuposa onse. Adam Neumann ndi Miguel McKelvey adaiyambitsa ku New York mu 2010. Inkachita lendi nyumba zikuluzikulu kwa zaka zambiri, n'kuzikongoletsa, kuikamo khofi ndi mowa waulere, kenako n'kumabwereketsa matebulo pamwezi. Mu Januwale 2019, ndalama zomwe kampani ya SoftBank idathiramo zidachititsa kuti iwerengedwe kuti ndi ya madola 47 biliyoni, ndipo chaka chomwecho idafika ku Johannesburg. Itafuna kulowa pa msika wa masheya idakakamizika kuonetsa mabuku ake, ndipo anthu adaona kuti mu 2018 idaluza pafupifupi madola 1.9 biliyoni, kuposa zonse zomwe idapeza. Chodabwitsa n'choti ndalama za lendi zomwe idalonjeza kulipira eni nyumba m'tsogolo zinalinso pafupifupi 47 biliyoni. Neumann adatula pansi udindo mu Seputembala 2019, ndipo mu Novembala 2023 kampaniyo idathawira ku khoti kuti angongole asaidye yamoyo. Ufulu wochoka nthawi iliyonse womwe makasitomala ankasangalala nawo, wina ankayenera kuulipira. Regus, yomwe idayamba malonda omwewa mu 1989, idakumana ndi zofananazo ku America mu 2003.

Tsono chomwe chimagwira akatswiri n'chiyani? Nicholas Bloom wa ku Stanford ndi anzake adachita kafukufuku pa antchito oposa 1,600 a kampani ya Trip.com ku China, ndipo zotsatira zidatuluka m'magazini ya Nature mu 2024. Ena adaloledwa kugwirira ntchito kunyumba masiku awiri pa sabata, ena ayi. Mwa ololedwawo, osiya ntchito adachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo kagwiridwe ka ntchito sikadatsike. Palibe sofa yomwe idagulidwa. Kampani ya Automattic, mwini wa WordPress.com, idatseka ofesi yake yokongola ku San Francisco mu 2017 chifukwa antchito ankabwerako ochepa kwambiri. Kusinthasintha komwe wantchito amakufuna ndi kwa nthawi yake, kuti athe kukatenga mwana ku sukulu, asathere maola awiri pamsewu. Kusinthasintha kwa mipando kumathandiza buku la akauntanti. Zonse ziwiri n'zabwino, koma tisamazisakanize dala.

Nkhaniyi ikutikhudza pang'ono kuno, chifukwa msika wa akatswiriwa ulibenso malire. Andela, yomwe idaphunzitsa olemba mapulogalamu ambiri ku Lagos ndi Nairobi, idatseka maofesi ake mu 2020 n'kumalemba anthu kulikonse komwe ali. Mnyamata kapena mtsikana waluso ali ku Zomba atha kugwirira ntchito kampani ya ku Ulaya n'kumalandira madola, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kusiyana kwa malipiro a kunja ndi a kuno kudakula. Bwana wa ku Lilongwe amene akuganiza kuti amukopa ndi khoma lopakidwa penti wa chikasu ndi tebulo la thenisi, ayambe wafunsa ngati magetsi akazima ofesi yake imagwirabe ntchito, ngati intaneti siidukaduka, ndiponso ngati malipiro akuyenda limodzi ndi mitengo ya zinthu.

Inu mabwana, mipando bwerekani ngati simukudziwa kuti chaka chamawa mudzakhala angati, palibe cholakwika. Koma pobwerekapo sankhani mpando wosapweteka msana, mupatse munthu aliyense tebulo lake, mupatule chipinda chimodzi chokhala ndi chitseko chomwe chimatsekeka, ndipo ndalama zomwe mwapulumutsazo muziike pa malipiro.