Kanyali kachikasu kaja si kokongoletsa dashibodi

Anyamata a kunyanja amene mwalowa udalaivala pa msewu wa M12, kukweza usipa kuchoka ku Lilongwe kudutsa pa Namitete ndi pa Kamwendo mpaka ku boda ya Mwami, tamverani. Pali chizolowezi china choipa: kanyali ka matayala kakayaka, ena mukungomatapo tepi kuti pasenjala asaone. Aise, msodzi akaona mwera ukubwera sathawa pophimba maso ndi chipewa.

Ku Ulaya, kuyambira 2014 galimoto laling'ono latsopano lililonse lonyamula anthu limayenera kukhala ndi chida chochenjeza mpweya ukachepa, n'chifukwa chake ambiri ochokera ku UK ali nacho. Pa ambiri mwa iwo, kasensa kamakhala m'kati mwa tayala, kuseri kwa valavu. Batire yake ndi yomatiriramo, imakhala zaka 5 mpaka 10, ikafa mumasintha sensa yonse. Ndiye galimoto la 2014 werengani nokha.

Kanyali kakayaka n'kungokhala, ndiye kuti mpweya wachepa, imani mupope. Kakaphethira kaye pafupifupi mphindi imodzi kenako n'kukhazikika, vuto lili pa sensa. Mukapita komatitsa tayala, muuzeni mkuluyo asanalowetse chitsulo kuti mu limu muli sensa, apo ayi aithyola inu mukuona. Kachivindikiro ka valavu musakataye, kamatchinga fumbi ndi madzi.

Ndikudziwa muti, "Sensa ndi yodula, ndipo ku Mchinji tiipeza kuti?" Zoona. Koma tayala la mpweya wochepa limapindika kwambiri poyenda, limatentha, ndipo pa phula la mu Okutobala, mutadzaza matumba a soya ndi anthu, likhoza kuphulika. Limamwetsanso mafuta omwe mwagonera pa mzere aja. Chodula n'chiti, sensa kapena bokosi la maliro?

Ngati ndalama ya sensa palibe, kapena lanu ndi la ku Japan lopanda chidachi, gulani geji. Yezani m'mawa matayala asanatenthe, osaiwala sipeya. Mulingo wake uli pa kapepala komatidwa pa felemu ya chitseko cha dalaivala. Nambala ya m'mbali mwa tayala ija ndi malire chabe. Zomenya tayala ndi phazi n'kumati "lili bho" si kuyeza ayi.

Chotsani tepiyo lero. Mwanyamula amayi a eni ake. Tumizani uthengawu kwa dalaivala aliyense amene mukumudziwa.