Kaufa pa chingwe cha chaja si umboni woti ndi feki

Mwagula chingwe chatsopano cha chaja, mwatsegula paketi, zala zatuwa ndi kaufa koyera. Kapena chingwecho chikumata ngati chakhudza uchi. Ambiri pamenepo amangoti, basi andipusitsa. Ine ndimati dikirani kaye.

Kaufako nthawi zambiri ndi paudala yemwe amathira kufakitale kuti pulasitiki asamamatirane popanga ndi pokulunga. Ngakhale zingwe zabwinobwino zimatha kukhala nako. Pukutani ndi kansalu konyowa pang'ono, chingwe chisanalumikizidwe kumagetsi, nkhani yatha.

Kumata ndiye nkhani ina. Pulasitiki wa PVC ndi wolimba, choncho amamusakaniza ndi mankhwala onga mafuta kuti azipindika. Chingwe chikakhalitsa pamalo otentha, tinene m'kontena kapena pa benchi la venda dzuwa la Okutobala lili pa liwombo, mafutawo amayamba kutuluka. Mukapukuta n'kuona kuti mawa chayambanso kunanda, chingwecho n'chokalamba kapena pulasitiki wake ndi wotchipa, ndipo sichichedwa kusweka. Chibwezeni. Komabe ukalamba ndi ufeki n'zosiyana.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ine chili mkati, kosaoneka. Opanga zachinyengo amachepetsa kopa, ena amaika waya wa aluminiyamu wongokutira kopa pamwamba. Zotsatira zake, foni imatchaja mwaulesi ndipo chingwe chimatentha kumapeto. Mu 2016 Benson Leung, injiniya wa ku Google yemwe ankayesa zingwe za USB-C, anawonongekedwa laputopu ndi chingwe chomwe mawaya ake analumikizidwa molakwika. Kunja chinkaoneka bwinobwino.

Kwa a iPhone, zingwe zenizeni za Lightning za Apple zimalembedwa mawu akuti Designed by Apple in California pafupifupi masentimita 18 kuchokera kumutu wa USB, kenako nambala ya manambala 12. Kansonga kolowa m'foni kamakhala kosalala, kachitsulo kamodzi kosalumikiza. Koma musadalire zolemba zokha, achinyengo nawo amadziwa kusindikiza. Mtengo umanena zambiri: "orijino" wa mtengo wa fanta ndi mandasi awiri, mukudziwa nokha.

Ndipo kunena zoona, timalimbana kwambiri ndi chingwe pomwe choopsa kwenikweni ndi mutu wolowa m'soketi. Ntchito yake ndi kutsitsa mavoti 230 a m'khoma kufika pa 5 kapena kuposerapo pang'ono. Mutu wafeki ukalephera, moto wonse uja ungafike m'foni, mwinanso m'dzanja lanu. Chaka chomwecho cha 2016, a Trading Standards ku Britain analengeza kuti pa machaja afeki a Apple 400 omwe anayesedwa, atatu okha ndiwo anali ndi chitetezo chokwanira.

Choncho pogula, muuzeni wogulitsa ailumikize foni yanu pompo, mudikire mphindi zingapo, kenako gwirani mutu ndi kumapeto kwa chingwe. Kufunda pang'ono n'kwachibadwa. Ikawotcha, ikamalira ngati udzudzu, kapena sikirini ikayamba kudzidina yokha, ikani pansi, ndalama zibwerere m'thumba.