Asiyeni ayankhe okha, a wapampando

Pali khalidwe lina limene limandiwawa pa misonkhano ya makalabu a alimi kuno kwathu, kaya ku Ntengo wa Mbalame kaya ku Furancungo. Mlangizi afunsa mayi wina kuti chiwawu chinayamba liti m'munda mwake mwa kachewere. Mayiyo asanatsegule pakamwa, a wapampando ayankha kale. Munda ngwa mayiyo, khasu n'lake, amene amalawirira m'chisanu cha ku Tsangano kukaona masamba akuda ndi iye yemweyo, koma woyankha ndi wina. Mayi angowerama n'kumakonza mpango.

Musati n'zazing'ono. Munthu amene mwamuyankhira lero, mawa sayesanso kuyankha, ndipo mkuja ayamba kukhulupirira kuti sadziwa kanthu. Kenako a wapampando omwewo n'kumadandaula kuti anthu awo ngamantha, kalikonse amadikira iwo. Nanga manthawo anawadzala ndani?

Tikumbuke kuti anthuwa ndani. Ambiri ndi aja nkhondo inawathamangitsira ku Ntcheu ndi ku Dedza, kapena ana awo. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 anabwerera n'kupeza minda itasanduka tchire, ndipo anaiswa okha popanda wowauza pogwira khasu. Lero kachewere wawo amafika mpaka pa Tsangano Turn-off m'mbali mwa msewu wa M1, tirigu amamera m'mapiri mwawo, ndipo fodya wa bale wa ku Macanga amakalowa m'fakitale ya Mozambique Leaf Tobacco ku Tete. Anthu otere angalephere kufotokoza za munda wawo?

Pa fodya mpamene nkhaniyi imaluma kwambiri. Feteleza ndi zipangizo zina zimabwera pangongole, ndalama n'kudzadulidwa pogulitsa. Tsono taganizani mlimi amene nazale yake yafa mu Okutobala. Ngati akudziwa kuti akaulula mtsogoleri amukalipira pamaso pa anzake, mkazi wake ali pomwepo, atseka pakamwa. Mvula igwa, anzake awokera, iye zii. Zidzadziwika pamsika, ngongole itatsala pakhosi. Koma akadakhala ndi mtsogoleri womuitanira pambali n'kumufunsa modekha, akadanena msanga, ndipo mnzake wa mbande zotsala akadamugawira. Mtsogoleri wolalata amangolandira nkhani zokoma zokhazokha, ndipo zambiri mwa izo n'zabodza.

China chimene sindidzatopa kuchinena ndi ichi cha chilankhulo. Msonkhano uyamba bwinobwino m'Chinyanja, anthu akutsutsana momasuka. Ikangoima galimoto ya alendo panja, atsogoleri atembenukira ku Chipwitikizi, otsata n'kutsala awiri kapena atatu. Agogo amene alima malo amenewo chibadwire asanduka alendo pakwawo. Ngati mlendo samva Chinyanja, mupezereni womasulira. Musalande pakamwa kalabu yonse chifukwa cha munthu mmodzi amene pofika madzulo akhala atapita.

Makolo athu izi ankazidziwa. Pabwalo la milandu mfumu siyamba kulankhula. Alankhula odandaula, alankhula mboni, nduna zifunsa mafunso, mfumu ili phee kumvetsera, ndipo ikamadzagamula aliyense amakhala atatula zakukhosi. N'chifukwa chake chigamulo chimagwira. Akulu anati nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi, ndipo ine mwambiwu ndimauona ukuyenda ndi miyendo: wapampando ndiye mlembi, ndiye msungichuma, ndiye wokumana ndi ogula, kope la kalabu limagona kunyumba kwake. Tsiku lomwe adzadwale, kalabu idwalira naye limodzi.

Munthu amalimba mtima akapatsidwa ntchito yeniyeni n'kuona kuti waikwanitsa. Kope lija mupatseni mtsikana amene anafika nayo patali sukulu, aziwerenga yekha ndalama zolowa ndi zotuluka anthu onse akumva. Akaphonya nambala musamulande kopelo, mudikireni aikonze. Ogula akabwera ndi malole awo, tumani anthu awiri amene sanapiteko, muwauze mtengo wosatsika nawo, inu mukhale kumbuyo. Ndipo amene wasankha bwino fodya wake mutchuleni dzina pagulu, pakuti kudzudzula kokha ndiye timakudziwa kuchita mokweza.

A wapampando, a nyakwawa, a mkulu wa mpingo, nanunso aphunzitsi aakulu: pa msonkhano ukubwerawu, funso likapita kwa munthu wanu, gwirani pakamwa panu mpaka amalize kuyankha.